Sitima ya Ilala ndi Makampani Oiyendetsa: Mbiri ya Maulendo a pa Nyanja ya Niassa

Boma la Chifunde lilibe nyanja. Madzi athu ndi a m'mitsinje monga Luia ndi Capoche, pamodzi ndi timitsinje tambiri timene timasefukira m'dzinja n'kuphwa m'malimwe. Komabe cilankhulo cimene timaphunzitsira ana m'makalasi oyambirira cimachedwa Cinyanja m'mabuku a boma, ndipo dzinali limatanthauza cilankhulo ca anthu a kunyanja. Mwana wocenjera akafunsa kuti nyanjayo ili kuti, ndiponso kuti ife a kumtunda kuno tili nayo pa ubale wotani, mphunzitsi ayenera kukhala ndi yankho loposa kungoloza pa mapu. Njira imodzi yoyankhira ndiyo kufotokoza mbiri ya sitima zonyamula anthu pa nyanja ya Niassa, imene anzathu a ku Malawi amaicha nyanja ya Malawi, makamaka sitima ya Ilala imene yakhala ikuyenda kuyambira mu 1951.

Nkhaniyi ikukhudza cigawo cathu ca Tete kuposa mmene ambiri amaganizira. Sitima zoyamba za panyanjapo zinadzera mu Zambezi, ndipo zitsulo za Ilala ya masiku ano zinawoloka mtsinjewo pa mlatho wa Dona Ana ku Mutarara. Ikutipatsanso funso limene silinayankhidwe mpaka lero: kodi anthu okhala kumene msewu sufika aziyenda bwanji, nanga ndani azilipira ulendo umene subweretsa phindu?

Nyanja isanaone utsi wa sitima

Nyanja ya Niassa ndi yaitali makilomita oposa 550 kucokera kumpoto kufika kumwera, ndipo pamalo ena ndi yakuya mamita pafupifupi 700. Gombe lake lili m'maiko atatu: Moçambique, Malawi ndi Tanzania. Kuyambira kalekale Anyanja, Atonga, Ayawo ndi mitundu ina ankayendapo ndi mabwato osema, kupha nsomba ndi kusinthana katundu. Ca m'ma 1840 amalonda a Ciswahili anakhazikika ku Nkhotakota pansi pa mtsogoleri wochedwa Jumbe, ndipo anayamba kukhoma zombo za matanga zowolotsera minyanga ya njovu ndi akapolo kupita kugombe la kum'mawa, kumene ulendo wa pansi wopita ku Kilwa unkayambira. Conco maulendo oyamba akuluakulu owoloka nyanjayi ankanyamula anthu omangidwa m'magoli.

Amalonda a ku Tete ankaidziwa nyanjayi. Mu 1616 Gaspar Bocarro ananyamuka ku Tete kupita ku Kilwa, ndipo nkhani ya ulendo wake imachula nyanja yaikulu ya m'dziko la Amaravi. Mu 1856 Cândido da Costa Cardoso, wamalonda wa ku Tete komweko, anafotokozera David Livingstone za nyanjayo. Livingstone atabweranso mu 1858 ndi kasitima kochedwa Ma Robert, ankaganiza kuti Zambezi adzakhala msewu waukulu wolowera m'kati mwa Africa. Mathithi a Cahora Bassa anamubweza. Iye anatembenukira ku mtsinje wa Shire, kumene anapezanso mathithi, ndipo anafika kunyanja wapansi mu Setembro 1859. Apa ndi pamene zinthu zinapatukira. Malonda a sitima analondola Shire, ndipo dziko la kumpoto kwa Tete, kuphatikizapo kwathu kuno, linapitiriza kudalira miyendo ndi mitu ya anthu kwa zaka zina zambiri.

Ilala yoyamba

Livingstone anamwalira mu 1873 kwa Chitambo, m'dziko la Ilala, limene tsopano lili ku Zambia. Patapita zaka ziwiri, amishoni a ku Scotland anatumiza gulu lotsogoleredwa ndi E. D. Young, mmene munalinso dokotala wacinyamata Robert Laws, kuti likatsegule mishoni ya Livingstonia. Anabwera ndi kasitima kacitsulo kotalika mamita pafupifupi 15, kamene anakacha Ilala pokumbukira malo amene Livingstone anafera. Kanabwera m'zidutswazidutswa. Anakalumikiza kumathiriro a Zambezi, nakwera nako mtsinjewo ndi Shire mpaka pamathithi. Pamenepo anakamasulanso, ndipo anthu mazanamazana operekedwa ndi mafumu a Amakololo anasenza zitsulozo pamutu ulendo wa makilomita pafupifupi 100, kukwera ndi kutsika mapiri m'nyengo yotentha. Kumtunda kwa mathithi anakalumikizanso, ndipo pa 12 Outubro 1875 Ilala inalowa m'nyanja.

Mabuku a mbiri amachula maina a Young ndi Laws. Maina a amtengatenga aja sanalembedwe, ngakhale kuti popanda iwo sitimayo ikadatsala m'munsi mwa mathithi. Njira yomweyi, yomasula, kusenza ndi kulumikiza, inagwiritsidwa nchito pa sitima zina zonse zimene zinafika panyanjapo njanji isanamangidwe.

Sitima za amalonda ndi za amishoni

Mu 1878 anthu a ku Glasgow anayambitsa kampani imene pambuyo pake inadziwika kuti African Lakes Company, ndipo anaiika m'manja mwa abale awiri, John ndi Frederick Moir. John ankavala magalasi, ndiye anthu anamucha Mandala, dzina limene linafalikira ku kampani yonse ndi masitolo ake. Kampaniyi inali ndi sitima mu Zambezi ndi Shire ndiponso panyanja, ndipo inagula Ilala kwa amishoni. Pangano la pa 11 Junho 1891 pakati pa Britain ndi Portugal, lomwe linathandiza kudula malire amene anagawa Acewa a mfumu Undi m'maiko atatu, ndi lomwenso linalola kuti sitima ziziyenda momasuka mu Zambezi ndi Shire. Angerezi anapatsidwa malo ku Chinde otsitsirapo katundu, ndipo zilumba za Likoma ndi Chizumulu zinatsala m'manja mwawo ngakhale zili pafupi ndi gombe la Moçambique.

Cifukwa ca zilumbazo cinali mishoni ya Anglican ya UMCA, imene inakhazikika pa Likoma mu 1885. Wansembe William Percival Johnson anaona kuti midzi ya m'gombe la kum'mawa, monga Messumba ndi Cobué, ingafikiridwe bwino ndi sitima. Yoyamba inali Charles Janson. Yaciwiri inali Chauncy Maples, imene inapatsidwa dzina la bishopu amene anamira m'nyanjamo mu 1895. Inapangidwa ku Glasgow, inabwera m'zidutswa zoposa 3,000, ndipo thanki yake yowiritsira madzi, yolemera matani 11, inakokedwa pa ngolo ndi amuna mazana angapo. Inayamba kuyandama mu 1901.

Ife aphunzitsi tiyenera kuidziwa bwino sitima imeneyi, cifukwa inali chalichi, cipatala ndi sukulu nthawi imodzi. Inkazungulira midzi kuyendera masukulu, kutula aphunzitsi ndi mabuku, ndipo acinyamata ophunzira uphunzitsi ankaphunzira m'sitima momwemo. M'masukulu amenewo ana ankayamba kuwerenga m'Cinyanja ca kunyanja. Johnson ndi anzake anamasulira Baibulo m'Cinyanja ca ku Likoma, ndipo linasindikizidwa mu 1912, zaka khumi Buku Lopatulika la mu 1922 lisanatuluke. Izi zikutionetsa kuti m'dziko lathu lino munali ana ophunzira kuwerenga m'Cinyanja zaka pafupifupi zana limodzi maphunziro a zilankhulo ziwiri asanalowe m'masukulu a boma.

Njanji, mlatho ndi ngozi ya Vipya

Madzi a Shire ankacepa kawirikawiri, ndipo sitima zinkatitimira mumcenga. N'cifukwa cake anthu anayamba kumanga njanji. Mu 1908 njanji inalumikiza Port Herald, imene lero ndi Nsanje, ndi Blantyre. Mu 1915 inafika ku Chindio, kugombe la kumpoto kwa Zambezi, ndipo mu 1922 njanji yocokera ku Beira inafika ku Murraça, kutsidya linalo. Pakati pa njanji ziwirizi panali mtsinje. Anthu ndi katundu ankatsika m'sitima ya pamtunda, kukwera ya pamadzi, n'kukakweranso ya pamtunda tsidya lina. Madzi akacepa kapena akasefukira, katundu ankaunjikana pagombe. Vutoli linatha mu 1935, pamene mlatho wa Dona Ana, wotalika makilomita oposa 3.5, unatsegulidwa pakati pa Sena ndi Mutarara. Caka comweco njanji inafika ku Salima kudzera ku Chipoka, m'mbali mwa nyanja.

Kuyambira pamenepo maulendo a panyanja anakhala nthambi ya kampani ya njanji ya Nyasaland Railways. Maganizo anali akuti sitima za pamadzi zizisonkhanitsa mpunga, thonje ndi anthu kucokera kumpoto n'kudzatula ku Chipoka, kumene njanji inkapitiriza ulendo wa ku Blantyre ndi Beira. Kampaniyo inaitanitsa sitima yonyamula anthu yochedwa Vipya. Pa 30 Julho 1946, ili pa ulendo wake wacinayi, inanyamuka ku Mbamba Bay kuwoloka nyanja kulowera kugombe la kumadzulo. Inali nyengo ya mwera, mphepo yamphamvu yocokera kumwera imene imakuntha m'miyezi yozizira. Mafunde anaigubuduza pafupi ndi Florence Bay, dera la Chitimba, ndipo anthu 145 anafa. Ambiri mwa iwo anali anthu akuda amene anali m'zipinda za pansi. Mpaka lero iyi ndi imodzi mwa ngozi zoopsa kwambiri zimene zinacitika panyanjayi.

Ilala yaciwiri ndi mmene imayendera

Sitima yolowa m'malo mwa Vipya inapangidwa mu 1949 ndi kampani ya Yarrow ku Scotstoun, mumzinda wa Glasgow. Nayonso inabwera m'zidutswa, koma ulendo uno mitu ya anthu inapuma: zitsulo zinatsika ku Beira, zinakwera njanji, zinawoloka Zambezi pa Dona Ana mpaka ku Chipoka, ndipo zinakalumikizidwa ku Monkey Bay. Inayamba nchito mu 1951, ndipo inatenga dzina la kasitima ka mu 1875 kaja. Ndi yaitali mamita 52, ndipo inakonzedwa kuti izinyamula anthu oposa 350 ndi katundu wa matani pafupifupi 100. Imayendera injini za dizilo.

Kwa zaka zambiri ndondomeko yake yakhala ya ulendo umodzi pa sabata. Imanyamuka ku Monkey Bay Lacisanu, kufika ku Chilumba kumpoto Lamulungu, n'kubwerera kudzafika ku Monkey Bay Lacitatu. Tsiku lotsalalo ndi lokonza zowonongeka, kuthira mafuta ndi kupakira katundu. M'njiramo imaima ku Nkhotakota, Likoma, Chizumulu, Nkhata Bay, Usisya, Ruarwe ndi malo ena ang'onoang'ono, ndipo pa nyengo zina inkaimanso ku Chipoka, Metangula ndi Cobué.

Madoko enieni omangidwa, pamene sitima ingagunde n'kutsitsa anthu pouma, akhala ocepa kwambiri. Kumalo ambiri sitimayo imaponya nangula patali ndi gombe cifukwa madzi ndi osaya. Kenako amalinyero amatsitsa maboti awiri a injini amene amapacikidwa m'mbali mwake, omwenso ndi opulumukirapo pa ngozi, ndipo mabotiwo amapita ndi kubwera mpaka onse atatsika ndi kukwera. Okwera amatsika pa makwerero acitsulo, ana akupatsirana m'manja, ndipo pafupi ndi gombe amalowa m'madzi ofika m'maondo kapena m'ciuno, katundu ali pamutu. Nthawi zina zimenezi zimacitika pakati pa usiku. Asodzi a m'deralo amabweranso ndi mabwato awo kudzanyamula anthu pa mtengo wocepa. N'cifukwa cake nthawi yolembedwa pa ndondomeko sikhala yodalirika: matumba akaculuka pa Likoma, kapena mwera ukakula, sitima imacedwa maola ambiri.

M'sitimamo muli magawo osiyana mitengo. Pamwamba pali zipinda zocepa zogona ndi bwalo limene alendo odzaona dziko amakonda. Pansi ndi pamene pamakhala anthu ambiri, pa mabenci ndi pa matumba. Katundu wake amationetsa moyo wa kunyanja. Popita kuzilumba imanyamula cimanga, ufa, shuga, mcere, sopo, simenti, malata ndi njinga. Pobwerera imadzaza ndi matumba a usipa ndi utaka wouma wopita kumisika ya kumtunda. Amayi ogulitsa nsomba, ana a sukulu za sekondale, odwala otumizidwa kucipatala cacikulu ndi aphunzitsi opita kukayamba nchito amakwera pamodzi. Cilumba ca Likoma sicilima cakudya cokwanira anthu ake, conco tsiku lofika sitima ndi tsiku la msika, la makalata ndi la malonje.

Kuti ulendo umodzi utheke pamafunika kaputeni ndi omuthandiza, mainjiniya, amalinyero oyendetsa maboti, ogulitsa matikiti, olemba katundu ndi ophika. Ku Monkey Bay kuli malo okonzera sitima, pamodzi ndi doko loyandama limene limanyamula sitima yonse kuicotsa m'madzi kuti amisiri aone pansi pake. Komweko kulinso sukulu yophunzitsa nchito za pamadzi.

Eni ake asinthasintha

Malawi atalandira ufulu mu 1964, sitima za panyanja zinakhala m'manja mwa Malawi Railways, kampani ya boma. Chauncy Maples yakale ija inakonzedwanso n'kukhala yonyamula anthu ndi katundu, ndipo ca m'ma 1980 kunabwera sitima ina yonyamula anthu yochedwa Mtendere. M'zaka za m'ma 1990, pamene maiko ambiri a mu Africa ankauzidwa ndi mabanki obwereketsa ndalama kuti agulitse kapena kubwereketsa makampani a boma, nthambi ya panyanja inapatulidwa ku njanji n'kukhala Malawi Lake Services. Mu 2002 boma linaipereka kwa kampani ya Glens Waterways kuti iziyendetsa, koma mgwirizanowo sunakhalitse. Mu 2010 nchitoyo inaperekedwa kwa Mota-Engil, kampani ya zomangamanga ya ku Portugal imene ife a ku Moçambique timaidziwanso, ndipo iyo inakhazikitsa Malawi Shipping Company. Pakati pa 2012 ndi 2013 Ilala inaima miyezi yambiri ikukonzedwa, ndipo anthu a pa Likoma ndi Chizumulu ankadalira maboti ang'onoang'ono, amene ndi oopsa nyanja ikawinduka.

Kusinthasinthaku kuli ndi zifukwa zake, ndipo n'zofanana kulikonse kumene kampani yaing'ono imayendetsa sitima za anthu. Coyamba, ndalama zoyendetsera sizitsika ngakhale okwera acepe. Sitima yodzaza ndi yopanda anthu zimamwa dizilo wofanana, ndipo anchito amalipidwa cimodzimodzi. Caciwiri, zipangizo za injini zimagulidwa kunja ndi ndalama zakunja, pamene matikiti amagulidwa ndi makwacha amene mphamvu yake imatsika. Cacitatu, okwera ambiri ndi osauka, ndiye mtengo sungakwezedwe kufika pamene ungabweze zonse. Cacinayi, misewu ya tara ya m'mbali mwa nyanja itamangidwa, anthu ndi katundu wa pakati pa matauni akuluakulu anasamukira ku mabasi ndi malole. Sitima inatsala ndi malo ovuta kufika, amene ndi omwe amaifuna kwambiri koma ali ndi ndalama zocepa. Cacisanu, madzi a nyanja amakwera ndi kutsika malinga ndi mvula ya zaka zingapo. Akatsika, madoko ena amakhala osaya. Akakwera, amamiza zomangidwa pagombe.

Conco kampani ikafuna phindu imaganiza zocepetsa malo oimapo, pamene mudzi ngati Ruarwe, umene uli pansi pa mapiri otsetsereka, umaona sitima ngati msewu wake. Boma likatenga nchitoyo limasowa ndalama zogulira sitima yatsopano. Zotsatira zake n'zakuti sitima yopangidwa mu 1949 yakhala ikugwirabe nchito kwa zaka zoposa 70. Amisiri a ku Monkey Bay ayenera kuyamikiridwa pa zimenezi, koma anthu a kuzilumba amadziwa kuti citsulo cili ndi malire ake.

Gombe la Moçambique

Kumbali yathu, boma la Lago m'cigawo ca Niassa ndilo lili ndi Anyanja ambiri a m'mbali mwa nyanja. Pangano la mu 1891 linaika malire pagombe lenilenilo, koma mu 1954 Britain ndi Portugal anagwirizana kuti malirewo adutse pakati pa madzi. Kuyambira pamenepo Likoma ndi Chizumulu ndi zilumba za Malawi zozunguliridwa ndi madzi a Moçambique. Kucokera pa Likoma munthu amaona bwinobwino mapiri a ku Cobué, ndipo zombo za matanga zimawoloka kukatenga nkhuni ndi zakudya. Mabanja ambiri ali ndi abale mbali zonse ziwiri, monga momwe zilili kwa ife ndi abale athu a ku Katete, Chadiza ndi Mchinji.

Nkhondo zinasokoneza maulendo a m'gombe limeneli. Mu Setembro 1964, pamene nkhondo yomenyera ufulu inkayamba, asilikali a FRELIMO anaukira Cobué, ndipo Apwitikizi analimbitsa malo awo a asilikali a pamadzi ku Metangula. Anthu ambiri anathawira pa Likoma. Zinateronso pa nkhondo ya zaka 16 imene inatha mu 1992. Mtendere utabwera, Ilala inkaima ku Metangula ndi Cobué, ndipo inali njira yolumikizira midzi yathu yomwe kudzera pa sitima ya dziko loyandikana nalo. Pambuyo pake Moçambique inaika sitima yake, Chambo, yoyenda pakati pa Metangula, Cobué ndi Likoma. Mavuto a mafuta, zipangizo ndi kucepa kwa ndalama za okwera sasankha mbendera.

Kuwoloka Zambezi

Kwathu kuno nkhani yofanana nayo ndi ya kuwoloka Zambezi. Mlatho wa mumzinda wa Tete, umene lero umachedwa Samora Machel, usanatsegulidwe mu 1973, magalimoto ndi anthu ankawoloka pa batelão pakati pa Tete ndi Matundo. Amuna ambiri a kumpoto kwa mtsinjewu, pamodzi ndi ocokera ku Nyasaland, anawoloka Zambezi pa mabwato popita kukagwira nchito m'mafamu ndi m'migodi ya ku Southern Rhodesia ndi ku Joni, ndipo ena mwa iwo anakhala machona. Ku Caia magalimoto ankadikira batelão masiku angapo kufikira mlatho wa Armando Emílio Guebuza utatsegulidwa mu 2009. Mu 2014 Tete analandira mlatho waciwiri, wa Kassuende.

Mlatho ukamangidwa, nchito ya batelão imatha tsiku lomwelo. Koma pali madzi ena amene mlatho sungawoloke. Damu la Cahora Bassa litatsekedwa mu 1974, mathithi amene anabweza Livingstone aja anamira, ndipo kunabadwa nyanja yotalika makilomita pafupifupi 250 kulowera ku Zumbo. Midzi ya m'mbali mwake, m'maboma a Marávia, Mágoè ndi Zumbo, imadalira maboti monga momwe anthu a ku Likoma amadalira Ilala. Funso lija la amene ayenera kulipira ulendo wosapindulitsa ndi la cigawo cathu comwe.

Mmene tingaigwiritsire nchito m'kalasi

Cigawo ca Tete cinali m'gulu loyamba kuyesa maphunziro a zilankhulo ziwiri, pa pulojekiti ya PEBIMO ya mu 1993 mpaka 1997, imene inagwiritsa nchito Cinyanja kuno ndi Xichangana ku Gaza. Kuyambira nthawi imeneyo dandaulo la aphunzitsi lakhala lakuti zowerenga za m'Cinyanja n'zocepa, makamaka zofotokoza mbiri ndi sayansi. Nthano za Kalulu zilipo, koma mwana amafunikanso kuona kuti cilankhulo cake cingathe kunyamula zaka, manambala ndi zifukwa. Nkhani ya Ilala ingathandize pamenepa, ndipo gawo la Currículo Local, limene lili ndi magawo 20 pa 100 alionse a nthawi yophunzira, limatipatsa mpata.

Pa cilankhulo, yambani ndi mawu akuti sitima. Anacokera ku mawu a Cingerezi akuti steamer, kutanthauza combo coyendera nthunzi. Njanji itabwera, anthu anagwiritsa nchito mawu omwewo, n'kumasiyanitsa ponena kuti sitima ya pamadzi ndi sitima ya pamtunda. Cipwitikizi cili ndi mawu awiri osiyana, navio ndi comboio. Ana akaona zimenezi amazindikira kuti zilankhulo ziwiri sizigawa zinthu mofanana, ndipo kumasulira si kungosinthanitsa mawu. Lembani pa bolodi mizere iwiri: bwato ndi canoa, nkhafi ndi remo, nangula ndi âncora, gombe ndi margem, cilumba ndi ilha, mafunde ndi ondas. Afotokozereninso kuti dzina lakuti Niassa linacokera ku mawu a Ciyawo otanthauza nyanja, conco amene akunena kuti Lago Niassa akuchula nyanja kawiri. Makolo ankachulanso mitsinje ikuluikulu ngati Shire kuti nyanja, ndipo n'cifukwa cake dzina la Anyanja silinali la anthu a ku Niassa okha.

Pa Ciências Sociais, ana ajambule njira ziwiri pa mapu amodzi: ya Ilala yoyamba, kucokera kumathiriro a Zambezi kudzera mu Shire, ndi ya Ilala yaciwiri, kucokera ku Beira kudzera ku Mutarara mpaka ku Chipoka. Kenako afotokoze m'mawu awoawo cimene cinasintha pakati pa 1875 ndi 1951. Pa masamu, awerengere zaka zimene zinapita pakati pa kutsegulidwa kwa mlatho wa Dona Ana ndi wa Tete, kapena maulendo amene boti lonyamula anthu 20 lingayende kuti litsitse anthu 140. Yankho lake liwathandiza kumvetsa cifukwa cimene sitima imacedwera. Ana a makalasi apamwamba angacite mtsutso: gulu lina likhale kampani yofuna kusiya kuima pa mudzi waung'ono, gulu lina likhale anthu a m'mudzimo, ndipo lina likhale boma. Ayambe m'Cinyanja, mfundo zikakhwima azinenenso m'Cipwitikizi.

Nchito yofunika kwambiri ndi yakuti ana akafunse agogo awo. Mtsinje uliwonse wa m'boma lino uli ndi madoko ake, ndipo doko lililonse linali ndi mwini bwato. Ana akafunse kuti anthu ankawoloka pati Luia kapena Capoche madzi akadzaza, bwato linkasemedwa ku mtengo wanji, ankalipira ndi ciyani, ndani ankaweruza bwato likagubuduzika, ndiponso kuti opita ku Harare ankawolokera kuti Zambezi. Alembe zimene amva m'Cinyanja, ndi maina a madoko monga momwe eni ake amachulira. Amtengatenga a mu 1875 anaiwalika cifukwa amene ankalemba sanawafunse maina. Ophunzira athu amadziwa kulemba m'cilankhulo ca agogo awo, ndipo agogowo akadali ndi moyo. Aphunzitsi anzathu amene mucite nchitoyi, sungani makope a anawo pasukulu, ndipo otsogola bwino muwabweretse pa misonkhano ya ZIP kuti masukulu ena awerengeko.